Mjigo Uli Pati? Mapu Aulere ndi Ludzu la Mzinda wa Bulawayo

M'chaka cha 2020 mipopi ya ku Bulawayo inkatulutsa madzi tsiku limodzi lokha pa sabata. Khonsolo ya mzindawu inkatseka madzi kwa maola 144, n'kusiya maola 24 oti anthu atunge, achape, asambe ndi kudzaza chigubu chilichonse chopezeka m'nyumba. Okhala kumtunda, ngakhale tsiku limodzilo nthawi zina silinkawafika: mpopi unkangotulutsa mpweya mpaka nthawi yotsekanso n'kukwana. Chapakati pa chakacho matenda otsegula m'mimba anabuka ku Luveve, imodzi mwa malokeshoni akale a mzindawu. Anthu 13 anamwalira, ena mwa iwo ana, ndipo odwala anapitirira 1,000.

Paipi yakale ikakhala masiku ambiri ilibe madzi, zonyansa zochokera m'mapaipi ophulika a suweji zimalowa pamene pali mng'alu, ndipo tsiku lotsegulira madzi zimathamangira limodzi m'nyumba za anthu. Choncho munthu amene wapatsidwa ntchito yothandiza pa nthawi yotere, kaya ndi wa khonsolo, wa Red Cross kapena wa bungwe la mpingo, mafunso ake onse amakhala a malo. Nyumba za odwalawo zili mbali iti? Zikumwa paipi imodzi kodi? Suweji yaphulika pati? Mjigo wamoyo wapafupi uli pati, ndipo akutungapo anthu angati? Galimoto yonyamula madzi, ija amati bauza, mawa m'mawa iyambire msewu uti?

Mayankho ake nthawi zambiri amakhalapo, koma ali omwazikana. Ena ali m'kaundula wa namwino wa pachipatala, ena m'mutu mwa wokonza mapaipi amene wagwira ntchito zaka makumi atatu, ena m'foni ya khansala. Ntchito yowasonkhanitsa, kuwayeretsa ndi kuwaika pa pepala limodzi loti wina aone n'kugamula, ndi imene mabungwe othandiza pa ngozi amaitcha kasamalidwe ka uthenga, ndipo chida chake chachikulu ndi mapu. Kale pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapu otere inkagulidwa ndi ndalama zakunja, zochuluka ndithu. Lero ilipo yaulere, ndipo ndi yabwino. Koma kukhala yaulere kwangochotsa chopinga chimodzi, chaching'ono pa zonse.

Mzinda wokhala pamsana pa mtunda

Mapu oyamba amene munthu ayenera kuona kuti amvetse vuto la Bulawayo si a misewu ayi, koma a kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Mzindawu unamangidwa pamtunda wa mamita pafupifupi 1,350, pafupi ndi msana umene umagawa madzi a mvula pawiri. Timitsinje ta mumzinda timalowera kumpoto, ku Umguza, kenako ku Gwayi mpaka ku Zambezi. Madamu amene amamwetsa mzindawu, omwe ndi Umzingwane, Upper Ncema, Lower Ncema, Inyankuni, Insiza ndi Mtshabezi, ali kummwera chakum'mawa, m'chigawo cha Matabeleland South, kumene mitsinje imathira mu Limpopo. Ndiye kuti madzi ayenera kupopedwa kukwera chitunda asanafike kwa anthu. Magetsi akathima kopopera, mzinda umauma ngakhale damu lili ndi madzi.

Pali madzi ena a pansi pa nthaka ochokera ku Nyamandlovu, amene amathandiza malokeshoni a kumadzulo. Palinso loto lakale lokoka madzi kuchokera ku Zambezi, limene linayamba kukambidwa mu 1912. Damu la Gwayi-Shangani, lomwe ndi gawo loyamba la lotolo, lakhala likulonjezedwa chaka ndi chaka. Anthu a ku Bulawayo anazolowera. Mu Seputembala 2012 khonsolo inafika popempha nyumba zonse kuti zigwejemule zimbudzi nthawi imodzi, 7:30 madzulo, kuti mphamvu ya madziwo ikankhe zonyansa zouma m'mapaipi. Nyuzipepala za kunja zinaseka, koma eni mzinda sanaone choseketsa. Mu Epulo 2024, Pulezidenti Emmerson Mnangagwa atalengeza kuti chilala cha El Niño chaika dziko pa ngozi, monga anachitiranso anzake a ku Zambia ndi ku Malawi masabata ochepa m'mbuyomo, mzinda wa Bulawayo unali kale pa ndandanda yotseka madzi masiku asanu pa sabata. Meya David Coltart wakhala akudandaulanso za okumba golide amene akuwononga mitsinje yothira m'madamuwa.

Ngozi ya mtundu umenewu siibwera ndi mkokomo ngati namondwe. Imadya anthu pang'onopang'ono, makamera a atolankhani a kunja palibe. N'chifukwa chake imafuna anthu a pamalopo odziwa kudzipangira okha mapu, osadikira akatswiri otsika m'ndege.

Zida zimene aliyense angatenge

Pulogalamu imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi QGIS. Anaiyamba Gary Sherman mu 2002, ndipo poyamba inkatchedwa Quantum GIS mpaka mu 2013. Siili m'manja mwa kampani imodzi. Malamulo amene anailembera ali poyera, aliyense wodziwa atha kuwawerenga, kuwakonza ndi kugawira ena. Anthu a m'maiko ambiri amailemba pamodzi, ndipo mmodzi wa amene anaitsogolera kwa zaka ndithu ndi Tim Sutton wa ku South Africa. Munthu mmodzi akaikopera pa intaneti, atha kuiika pa fulashi n'kugawira ofesi yonse popanda kuphwanya lamulo. Ikalowa m'kompyuta siifunanso intaneti kuti igwire ntchito. Kwa amene amagula bandulo ndi ndalama ya m'thumba mwake, komanso amadziwa kuthima kwa magetsi a ZESA kapena a ESCOM, mfundo imeneyi si yaing'ono.

Pulogalamu payokha ndi tebulo lopanda kanthu. Zoikapo zimachokera kwina, ndipo gwero lalikulu ndi OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004, omwe aliyense atha kuwonjezerapo msewu, nyumba kapena chitsime. Mphamvu yake inaoneka chivomezi chitagwedeza Haiti pa 12 Januwale 2010, pamene anthu ongodzipereka anajambula mzinda wa Port-au-Prince m'masiku ochepa poyang'ana zithunzi za setilaiti. Chaka chomwecho panabadwa bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team, lodziwika kuti HOT. Mu 2014 HOT inagwirizana ndi Médecins Sans Frontières komanso Red Cross ya ku America ndi ya ku Britain kuyambitsa Missing Maps, n'cholinga choti malo osatetezeka azijambulidwa ngozi isanagwe. Mu 2014 momwemo ofesi ya United Nations yolumikiza ntchito zothandiza, OCHA, inatsegula Humanitarian Data Exchange, nkhokwe ya pa intaneti kumene munthu amapezako malire a zigawo, maboma ndi mawodi, ndi zina zambiri.

Zotolera uthenga m'makwalala zilinso zaulere: KoboToolbox ndi ODK, zimene zimasandutsa foni wamba kukhala fomu yodzaza, yolembanso malo enieni amene munthu waima. Kuchokera kumwamba, masetilaiti a Sentinel-2 a ku Ulaya, oyamba mwa iwo anaulutsidwa mu 2015, amapereka zithunzi zaulere masiku ochepa alionse. Munthu wodziwa atha kuona yekha mmene damu la Umzingwane likufotera mwezi ndi mwezi, osadikira chikalata cha aliyense.

Pafupi ndi kompyuta

Tiyeni tiyandikire tione mmene ntchitoyo imayendera. Tinene kuti bungwe lina likufuna kudziwa nyumba za ku Cowdray Park zimene zili kutali ndi madzi. Achinyamata khumi atumizidwa ndi mafoni. Aliyense akafika pa mjigo amaima chilili kwa kanthawi kuti foni igwire bwino malo, kenako amayankha mafunso a pa fomu: ndi mjigo wopukusa ndi manja kapena wa sola, ukutulutsa madzi kapena unafa, madziwo anthu amamwa kapena amangochapira, pamzere pali ndowa zingati, akuuyang'anira ndani. Wanzeru amagwira yekha chogwirira n'kupopa, chifukwa mjigo wopakidwa penti yatsopano utha kukhala wouma, ndipo wadzimbiri wotsamira mbali imodzi utha kukhala umene ukumwetsa dera lonse.

Madzulo zonse zimatsitsidwa ngati ndandanda ya mizere ndi madanga. Wosamala uthenga amatsegula QGIS, amaika pansi mapu a misewu, pamwamba pake malire a mawodi, pamwamba pakenso nyumba, kenako mijigo ija ngati timadontho. Chilichonse chili pa chofunda chakechake, chotheka kuchivundukula kapena kuchibisa. Amapatsa timadonthoto mitundu: obiriwira amoyo, ofiira akufa. Kenako amalamula pulogalamu kuti izungulize dontho lililonse lobiriwira ndi bwalo la mamita 500. Nambala imeneyi sanaitole pansi. Muyezo wa Sphere, umene mabungwe othandiza anagwirizana, umati nyumba isatalikire potungira madzi kuposa mamita 500, munthu asaime pamzere kupitirira mphindi 30, ndipo aliyense apeze malita 15 pa tsiku. Umatinso mjigo umodzi wopukusa usamwetse anthu oposa 500. Nyumba zonse zotsala kunja kwa mabwalo aja pulogalamu imaziwerenga m'kamphindi. Pamenepo ndi pamene bauza iyenera kupita, ndi pamene mjigo watsopano uyenera kukumbidwa.

Akafuna kupita patsogolo amaikaponso kukwera kwa nthaka. Mu Febuluwale 2000 chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinayeza misinkhu ya gawo lalikulu la dziko lapansi, ndipo muyezowo ndi waulere. Akauphatikiza ndi mapaipi, zimaoneka poyera chifukwa chake misewu ina ya ku Nkulumane, Pumula kapena Magwegwe imalandira madzi pomalizira, pena osalandira n'komwe.

Zikumveka zosalala, koma tsiku loyamba sizitero. Bulawayo ili pa madigiri 20 kummwera kwa ikweta ndi 28 ndi theka kum'mawa. Kummwera kumalembedwa ndi kamzere kochotsera kutsogolo kwa nambala. Kamzereko kakagwa pokopera ndandanda, mijigo yonse ya ku Cowdray Park imakatulukira m'chipululu cha kumpoto kwa Sudan. Madanga a manambala onse awiri akasiyidwa opanda kanthu n'kusanduka ziro, mjigo umakagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Ghana. Zolakwa zotere n'zabwinoko, chifukwa zimaoneka. Choopsa ndi chija chobisika. Mapu akale a boma ku Zimbabwe, monganso ku Malawi ndi ku Zambia, anayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pamene foni imayeza pa WGS 84. Ukasakaniza ziwirizi osauza pulogalamu, chilichonse chimasuntha mamita mazana awiri kapena atatu. Pa mapu a dziko lonse palibe angazindikire. M'lokeshoni ya nyumba zothithikana, mamita amenewo akwanira kuika nyumba ya wodwala pa paipi ina yosakhudzidwa, ndipo anthu okumba akakumba msewu wolakwika. Ngakhale bwalo la mamita 500 lija limafuna kuti munthu adziwe kuti Bulawayo ili m'dera 35 la muyezo wa UTM, pamene Harare, Lilongwe ndi Blantyre zili mu 36.

Pali china chimene chimaumitsa mutu kuposa masamu onsewa, ndicho maina. Bungwe lina lilemba Emakhandeni, lina Makhandeni, lina lingolemba nambala ya wodi. Kompyuta imaona malo atatu. N'chifukwa chake a OCHA amalimbikira kuti dera lililonse likhale ndi nambala yake yosasintha, imene amaitcha P-code, kuti ndandanda ya chipatala ndi ya chakudya zithe kulumikizana. Koma malire nawo amayenda. Bulawayo ili ndi mawodi 29, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la ZEC linadulanso malire ake chisankho cha 2023 chisanachitike. Wodi ya nambala yomweyo mu 2020 ndi mu 2024 nthawi zina siyo malo amodzi. Amene sanadziwe zimenezi atha kulemba lipoti lokongola loti matenda atsika, pamene chimene chasuntha ndi mzere wa pa mapu.

Amene sakuoneka

Pakati pa mzinda wa Bulawayo ndi posavuta kujambula. Atsamunda atagonjetsa ufumu wa Lobengula mu 1893 anayala tauni yatsopano mu 1894 ndi misewu yowongoka yopingasana, yotambalala moti, akuti, ngolo ya ng'ombe zambiri inkatha kutembenuka. Malokeshoni akale monga Makokoba, Mzilikazi, Njube ndi Mpopoma nawo ali ndi mapulani ndi manambala a nyumba. Vuto lili kumene mzinda ukukulira.

Cowdray Park inafufuma pambuyo pa 2005, boma litagawa malo pansi pa ndondomeko ya Hlalani Kuhle popanda kuyamba laika mapaipi a madzi, suweji ndi misewu. Inakula mpaka mu 2023 inapatsidwa mpando wakewake m'nyumba ya malamulo. Kwinanso kuli anthu a ku Ngozi Mine, okhala m'mbali mwa dzala lalikulu la mzinda n'kumatola zogulitsa m'zinyalala, ndi a ku Killarney, okhala m'zisakasa kum'mawa kwa mzinda. Awa ndi amene ludzu ndi matenda zimayamba kuwapeza, ndipo ndi omwewo amene pulani ya khonsolo siiwadziwa bwino.

Ngakhale chiwerengero cha anthu a mumzindawu ndi nkhani ya mkangano. Kalembera wa 2012 anapeza anthu 653,337, ndipo wa 2022 anapeza pafupifupi 666,000. Atsogoleri a mzinda akhala akutsutsa manambalawa, ponena kuti anthu amene akumwa madzi awo ndi ochuluka kuposa pamenepo. Wojambula mapu sangathetse mkanganowo, koma sangauthawenso, chifukwa malita 15 aja ayenera kuchulukitsidwa ndi nambala inayake. Ena amawerenga madenga. Kampani ya Google inatulutsa mu 2021 mndandanda wa nyumba za mu Africa zimene makina anazizindikira pa zithunzi za setilaiti, ndipo gulu la WorldPop la ku yunivesite ya Southampton limayerekeza kuchuluka kwa anthu pa kachigawo kalikonse. Zimathandiza. Koma denga silinena kuti pansi pake pali mabanja angati. Nyumba imodzi ya ku Makokoba itha kusunga mabanja atatu olekanitsidwa ndi nsalu, pamene nyumba yaikulu ya ku Cowdray Park itha kukhala yokhoma, mwini wake ali ku Johannesburg akutumiza ndalama ya simenti.

Setilaiti siidziwanso dzina. Munthu wa ku Bulawayo sanganene kuti ali pa siteji ya Basch Street, amati ali ku Egodini. Main Street inasanduka Joshua Mqabuko Nkomo Street, koma okalamba ena akadali pa dzina lakale. Woimba foni usiku kuti mwana wake wafooka ndi kutsegula m'mimba amalondolera ndi chigayo, tchalitchi kapena mtengo waukulu. Ubwino wa OpenStreetMap ndi woti malo amodzi atha kukhala ndi dzina la boma, la Chindebele, ndi limene anthu amatchula, onse pamodzi. Koma wina ayenera kuwalembamo, ndipo winayo sangakhale wophunzira wa ku Berlin amene akujambula madenga Loweruka madzulo, ngakhale mtima wake ndi wabwino.

Apa nkhaniyi ikutikhudza ife olankhula Chichewa. Njanji itafika ku Bulawayo mu 1897, mzindawu unasanduka likulu la sitima ndi mafakitale, ndipo azigogo athu ambiri a ku Nyasaland ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia analowera kumeneko, ena pansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi. Ambiri anatchona. Ku Sizinda, komboni yakale ya ogwira ntchito za njanji, zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a iwo ali alendo m'dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anawabwezera unzika, komabe alipo okalamba ndi ana amene alibe chiphaso chilichonse. Thandizo likamagawidwa potsatira nambala ya chitupa, anthu otere amatsala. Mapu ojambulidwa poyenda khomo ndi khomo atha kuonetsa kuti pakhomo paja pali anthu, kaya kaundula akuwadziwa kapena ayi.

Mpeni wakuthwa konsekonse

Pomwepa ndi pamene wojambula ayenera kuima kaye. Mu Meyi 2005 boma la Zimbabwe linayamba kugwetsa nyumba ndi misika zimene linati n'zosaloledwa, ntchito imene linaitcha Murambatsvina. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, popezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Ku Bulawayo, Killarney ndi Ngozi Mine anali m'gulu la malo ogwetsedwa. Munthu amene anaona zimenezo akaona mnyamata waima pakhomo pake ndi foni akulemba malo a chisakasa chake, ali ndi chifukwa chomveka chomufunsira kuti, "Kodi zimenezi mukazipereka kwa yani?" Mapu amene angatsogolere bauza atha kutsogoleranso katapila.

Odziwa ntchitoyi amasiyanitsa zoika poyera ndi zosunga. Mjigo, chipatala, msewu, mlatho, izi zilowe mu OpenStreetMap kuti aliyense azipeze. Nyumba ya munthu wodwala kolera, ya amene akumwa ma ARV, ya mayi wothawa nkhanza, ya banja lopanda zitupa, izi siziyenera kutuluka ngati dontho. Pa mapu opita kumsonkhano amaziphatikiza m'zigawo zikuluzikulu, kuti pangooneka kuti dera ili lili ndi odwala ambiri, osati khomo ili. Zimbabwe ili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2021, koma lamulo silingaletse wogwira ntchito wotopa kutumiza ndandanda yonse, maina ndi manambala a foni omwe, pa gulu la WhatsApp la anthu zana. M'kuona kwanga, maphunziro ambiri a QGIS amataya masiku pa kusankha mitundu ndi kuika kamuvi koloza kumpoto, n'kusiya nkhani iyi ku ola lomaliza, anthu akudikira alawansi.

Zimene tinaphunzira kwathu

Ngozi zobwera ndi mkokomo nazo zafikapo m'derali. Mu Febuluwale 2017 mvula ya namondwe Dineo inasefukiza mtsinje wa Gwayi ku Tsholotsho, kumpoto chakumadzulo kwa Bulawayo, ndipo anthu mazanamazana anasamutsidwira ku Sipepa. Mu Malichi 2019 namondwe Idai anakantha Beira, Chimanimani ndi Chipinge, atasefukiza kale kummwera kwa Malawi, ndipo HOT inaitana anthu odzipereka pa dziko lonse kuti ajambule madera okhudzidwawo. Dera limagawidwa m'timabokosi, aliyense atenga kake, ajambula nyumba ndi misewu, wina wodziwa adzayang'ana ngati zili bwino. Ntchitoyo inathandiza, koma mapu ojambulidwa mlatho utapita kale amafika mochedwa kwa amene anali pa denga usiku woyamba.

Malawi inayesa njira ina. Mu 2014 a HOT anagwira ntchito ndi Dipatimenti ya Survey, ya DoDMA yoona za ngozi, ndi ophunzira a m'makoleji athu kujambula midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, mothandizidwa ndi World Bank. Anayenda pansi ndi GPS, analowetsa zimene anapeza mu OpenStreetMap, ndipo anaphunzira kugwiritsa ntchito QGIS pamodzi ndi InaSAFE, kapulogalamu kowonjezera kamene kanapangidwira dziko la Indonesia, kowerengera nyumba ndi anthu amene angakhudzidwe madzi akafika msinkhu wakutiwakuti. Mu Januwale 2015 madzi anabweradi, ndipo maboma 15 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Mapu a kuchigwa cha Shire anali alipo kale, osungidwanso pa MASDAP, nkhokwe ya boma ya mapu yomangidwa pa pulogalamu yaulere ya GeoNode. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kuulutsa madironi ndi kusanthula zithunzi zake. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe mu Malichi 2023, tinaonanso kuti malo omangidwa popanda pulani a m'tauni amafuna mapu mofanana ndi midzi ya kuchigwa.

Bulawayo ili ndi poyambira pabwino kuposa mizinda yambiri. Ili ndi yunivesite ya sayansi ya NUST kuyambira 1991, ili ndi khonsolo imene kwa zaka zambiri yadziwika ndi kusunga bwino mabuku ake, ili ndi mabungwe a anthu okhala mumzinda olankhula mosaopa, ndiponso achinyamata ophunzira amene akusowa ntchito. Chofunika n'choti uthengawo ukhale m'manja mwa eni mzinda. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumapeto kwa Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, tsamba la FEWS NET, limene kuyambira m'zaka za m'ma 1980 lakhala likuchenjeza za njala m'maiko athu, linazimitsidwa kwa miyezi ingapo. Amene anali atakopera mapu ndi ziwerengero zake m'makompyuta awo anapitiriza ntchito. Amene ankangodalira kutsegula tsambalo anagwira njakata. N'chimodzimodzi ndi pulojekiti ya zaka ziwiri imene imagula laisensi ya pulogalamu yodula: ikatha, laisensi imatha, katswiri amakwera ndege ndi laputopu yake, ofesi n'kutsala ndi mapu opachika pakhoma amene palibe angawasinthe. Fayilo ya QGIS imatseguka chaka chamawa pa kompyuta ina iliyonse.

Komabe fayiloyo imakalamba msanga kuposa mmene opereka ndalama amaganizira. Mjigo umene unali wobiriwira mu Juni utha kuuma mu Okutobala madzi a pansi akatsika, kapena akuba atha kuzula pampu yake usiku umodzi, monga akhala akubera zipangizo za magetsi pa zitsime za ku Nyamandlovu. Danga lofunika kwambiri pa ndandanda yonse ija ndi la tsiku limene munthu anapitako komaliza, ndipo ndi limene limasiyidwa kawirikawiri. Kuti likhale latsopano pamafunika wina woyenda mwezi ndi mwezi, ndalama ya kombi, bandulo, potchajira foni magetsi akathima, ndi munthu mmodzi ku khonsolo amene ntchito yake yolembedwa ndi kulandira zosinthazo n'kuzilowetsa. Mabajeti ambiri a mapulojekiti amakhala ndi mzere wa maphunziro a masiku asanu ku hotelo ndi mzere wogulira matabuleti, koma wa ulendo wachiwiri wopita pa mjigo womwewo sukhalamo.